Maola Atatu Osakwana

Kuno ku Neno dzina langa lenileni linafa kalekale. Aliyense amangoti a Maolatatu, ngakhale tiana tobadwa dzulodzuloli. Ndikamadutsa pamsika wa pa Boma sipalephera wokuwa kuti, "A Maolatatu, ndege inyamuka nthawi yanji?" Kale ndinkawathamangitsa ndi ndodo. Pano mawondo anakana, ndiye ndimangowatukwana chamumtima n'kumapita. Ambiri a iwo sadziwa n'komwe kuti dzinalo linatuluka m'kalata imene ndinalemba ndi dzanja langa lomweli, kalata imene inandilanda mkazi n'kunditsekeranso njira ya kumanda a mwana wanga.

Ndinali khukhi ku Blantyre, kwa mzungu wina wogulitsa zitsulo za zigayo. Bwanayo anali Mngelezi, wamtali, wosakonda zolankhula. Dona wake anali Mpwitikizi wobadwira ku Tete, ndipo Chichewa ankachidziwa bwinobwino, makamaka chija chotukwanira. Banja langa linali kwa Dambe, kwawo kwa mkazi wanga Esinala, kumene ine ndinali mkamwini. Mwana tinali naye mmodzi, Linesi, kamtsikana kampata kumano, kolongolola ngati wailesi.

Tsiku lina bwana anagwa m'bafa n'kufa mbali imodzi. Mwendo lende, mkono lende, pakamwa n'kupotoka. Nthawi imeneyo ine ndinali ndi msana, thumba la chimanga ndinkaliponya paphewa ndekha. Basi, ndinachoka kumapoto n'kusanduka wonyamula munthu: kumudzutsa, kumusambitsa, kumukhazika pachimbudzi, kumupukuta. Atagulitsa katundu wawo kuti azipita kwawo, dona anandiitana.

"Iwe, tipita nawe ku Ulaya. Zaka ziwiri zokha."

Ndinapita kwa Dambe kukatsanzika. Linesi anandigwira mwendo wa buluku n'kufunsa kuti, "Ababa, ku Ulaya n'kutali kuposa pa Boma?" Ine ndinati pang'ono chabe. Esinala sanalankhule zambiri. Amene analankhula ndi alongo ake, a Bizaliele, mwini mbumba, mlembi wa mpingo, munthu amene chikwatirire ine ankangondiona ngati wotsuka mbale za azungu.

"Pitani, alamu," anatero. "Koma mkamwini timamudziwira pamaliro. Ndalama sigwira khasu kumanda."

Mawu amenewo anandibaya, ndipo ndinakwera nawo ndege.

Masiku aja a chipani chimodzi pasipoti sichinali chinthu choti munthu wamba n'kumalota. Azunguwo anayendetsa okha zonse. Yanga ndinaiona kamodzi pa Chileka, nkhope yanga ili mmenemo itatong'ola maso, kenako inalowa m'chikwama cha dona, chachikopa chakuda, chotseka ndi kachitsulo kolira kuti kha! Chikwama chimenecho ankapita nacho ngakhale kuchimbudzi.

Ku London anandipatsa kachipinda kapansi pa masitepe, koti ukatambasula miyendo umagunda chitseko. Kuzizira kwake musanene. Ife a kwa Dambe timadzitama kuti chisanu timachidziwa, koma chimene chija n'china, chimaluma mafupa. Madokotala anati bwana sangapirire nacho. Ndiye chisanu chikamayamba tinkasamukira ku Lisbon, kunyumba ya makolo a dona, kukafunda n'kubwerera ku London, ndipo pakatipo tinkapitanso kukaonana ndi madokotala. Njira imeneyo ndinaiyenda mpaka kusiya kuwerenga. Pamasitepe a ndege bwana ndinkamubereka kumsana, azungu n'kumapatuka, ena n'kumandimwetulira monga amamwetulira bulu wolimbikira ntchito.

Ulendo woyamba wa ku Lisbon ndinayang'ana wotchi ponyamuka, ndinayang'ananso potera. Ndinaganiza kuti wotchiyo yafa. Maola atatu sanakwane! M'kathumba ka mpando munali mapu, ndipo bwana ndi chala cha dzanja lake lamoyo lija anandilozera kuti apa London, apa Lisbon, n'kulemba nambala papepala: mamailosi pafupifupi wani sauzande. Kuchoka kwa Dambe kupita pa Boma wapansi umanyamuka tambala atangolira n'kufika dzuwa litakwera kale. Ku Blantyre nthawi ya mvula ndi masiku awiri, lole ikakhala kuti yakumvera chisoni. Ndiye ine, wotsuka mbale uja, ndadumpha nyanja ndi maiko ndisanamve n'komwe njala.

Ku Lisbon kunali a Zuze, osamalira maluwa, nkhalamba ya ku Tsangano, kutsidya kwa malire athu omwewa. Makolo a dona anawatenga ali mnyamata, ndipo kwawo anali asanapondekonso. Tsiku limene ndinawamva akutukwana khasu m'Chichewa ndinangokhala pansi n'kuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Kuyambira pamenepo bwana akagona masana ndinkathawira kukashedi kawo. Tinkawotcha tinsomba pamakala, kufwenkha fodya wamphuno, n'kumakangana kuti mbatatesi yabwino ndi ya kwa Dambe kapena ya ku Tsangano.

M'kashedi kameneko ndi mmene ndinalembera kalata ija. Esinala sadziwa kuwerenga, ndiye ndinkadziwa kuti woiwerenga ndi a Bizaliele, mokweza, pakhonde, anthu atazungulira. Ndinkafuna iwawawe pakhosi. Ndinalemba kuti: "Ine kuno wapansi ndinasiya. Kuchoka ku London kufika ku Lisbon, maiko awiri, nyanja pakati, ndi maola atatu osakwana. Mutateleka nyemba ine ndikukwera, ndingatsike zisanapse. Dziko linachepa, alamu. Kukagwa chilichonse mungotumiza telegalamu, mudzangoona ndatulukira."

Zoti ntchito yanga ndi kupukuta matako a munthu wamkulu sindinalembe. Zoti kumudzi ndi mtunda wina, wa tikiti yoti ine sindikanaigula, sindinalembenso. Nditawawerengera a Zuze anapukusa mutu.

"Mphwanga, waiwala mzere umodzi. Lemba kuti mapiko ako ali m'chikwama cha dona."

"Aa, inunso! Munthu asadzitameko pang'ono?"

"Linda madzi apite, kenako uziti ndadala."

Ndinaseka, n'kumata envulopu ndi malovu.

Chaka chachitatu, zaka ziwiri zija zitadutsa popanda wozitchula, makalata a kumudzi anangoti zii. Sindinadabwe kwambiri. Tonse tinkadziwa kuti makalata opita kunja ankatsegulidwa panjira, ena osafika. Ndinapitiriza kutumiza kangachepe monga mwa masiku onse. Khirisimasi itayandikira ndinaona tinsapato pasitolo ina ku Lisbon, tofiira psuu, ta lamba. Dona anali pomwepo. Ndinamufunsa kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu angavale saizi yanji. Anatitenga, kutitembenuza, n'kunena kuti, "Tenga tokulirapo, ana amakula msanga." Phukusilo anakaponya yekha ku positi.

Patapita miyezi ingapo tinapita ku London kwa madokotala, sabata imodzi. Pobwerera tinali pabwalo la ndege, mmawa, tikudikira kuitanidwa. Bwana anayamba kubuula. Dona anali akupenta milomo, ndiye kwa nthawi yoyamba chichokere ku Malawi anandikankhira chikwama chija ndi phazi.

"Muli pepala la nthawi za mankhwala mmenemo. Ona ngati yakwana."

Ndinalipeza, lopindapinda, lolembedwa ndi dzanja lake: wakuti mmawa, wakuti masana. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kulitambasula. Kuseri kwake kunali zilembo za makina, ndi dzina langa pamwamba. LINESI WAMWALIRA BWERANI TIKUDIKIRA BIZALIELE. Chidindo chake chinali cha mwezi wa Okotobala. Apa n'kuti tili mu Malichi.

Ndinawerenga katatu.

"Adona, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana pepalalo, n'kutseka kopentera milomo kaja bwinobwino, osafulumira.

"Ndimafuna ndikuuze pa nthawi yabwino."

"Mwana wanga anamwalira miyezi isanu yapitayo, inu mukudziwa? Nsapato zija munasankha ndinu, mukudziwa?"

"Ukanapita akanadzuka? Nanga bwana akanamunyamula ndani? Tsitsa mawu, anthu akutiyang'ana." Anatenga chikwama chake, kha! "Aitana ndege yathu. Nyamula bwana."

Anthu akandifunsa amayembekeza kuti ndinena kuti ndinamuwomba khofi. Ayi. Ndinawerama, ndinabereka mwamuna wake, ndinakwera naye masitepe. Chimenechi chimandinyansa mpaka lero.

Maola atatu osakwana aja, amene ndinkati nyemba sizingapse, tsiku limenelo anakana kutha. Ndinkayang'ana wotchi, muvi uli pomwepo. Mtsikana wa m'ndege anabweretsa chakudya, ine n'kumamudyetsa bwana ndi supuni, m'mutu muli kampata ka mano kaja. Tili pakati pa ulendo bwana anayamba kugogoda mpando ndi chala. Chinali chizindikiro chathu choti akufuna botolo lokodzeramo. Ndinayang'ana pawindo. Anagogodanso, n'kubuula, n'kundikoka malaya. Ndinalowetsa dzanja pansi pa bulangete n'kumutsina pantchafu, yamoyo ija, osati yakufayo, ndipo ndinapotokola mpaka msozi unatsika m'diso lake. Kufuula sakanatha. Anadzikodzera pompo, mkodzo n'kuyenderera pansi mpaka kunsapato za mayi wina wa kumbuyo. Dona anafiira ngati phwetekere. Ngati bwanayo ankadziwa za telegalamu, sindinadziwe ndipo sindinafune kudziwa. Titafika, womusambitsa ndinali ine ndemwe.

A Zuze nditawaonetsa pepala lija sananene zoti ndinakuuza. Anatenga lumo, anandikhazika pachidebe kuseri kwa shedi, n'kundimeta mpala monga timachitira kwathu maliro akatha. Anathira vinyo pang'ono pansi n'kutchula dzina la Linesi, mwana amene sanamuonepo. Tinalira awiriwiri, amuna akuluakulu, pakati pa maluwa a eni ake. Dona ataona mutu wanga anati, "Ukuoneka ngati mkaidi." Ine ndinati, "Eya, adona."

Ndinalemba makalata anayi ofotokoza zonse. Yankho linabwera limodzi, la mzere umodzi, m'dzanja la a Bizaliele: "Nsapato tinalandira, mwini wake sakuvala."

Muziti bwanji osathawa. Kuthawira kuti, wopanda pasipoti? Ku London anthu a kwathu analipo, koma tinkaopana ngati mfiti. Ukadandaula kwa munthu wolakwika, dzina lako limatsogola kumudzi kuti ukuyenda ndi zigawenga, ndipo potsika pa Chileka umapeza galimoto ikukudikira. Ndinapempha dona kangapo. Yankho linali lomwelo: bwana akapezako bwino. Munthu wakufa mbali imodzi apezako bwino liti? Ndinamunyamula zaka zina zitatu, ndipo sindinama, mmawa uliwonse ndinkayamba ndamvetsera ngati akupumabe.

Bwana anafera ku Lisbon. Dona anaimba foni ku London madzulo, ndipo mawa lake dzuwa lisanafike pamutu abale a bwana onse anali atafika, atavala zakuda, maluwa ali m'manja. Maola atatu osakwana. Anaika m'bale wawo nkhope ikadali yake, ena n'kubwerera tsiku lomwelo. Pa anthu onyamula bokosi, kumutu kunali ine.

Sabata yotsatira dona anatsegula chikwama n'kundipatsa pasipoti, tikiti, ndi sutikesi ya zovala za malemu. A Zuze anandiperekeza mpaka pageti. Anati ndikaponda ku Tsangano ndikanene kuti Zuze alipo. Ndinafunsa kuti ndikauze ndani. Anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Basi, usiye."

Ku Blantyre anyamata a chipani anandigwira pokwerera basi n'kundigulitsa makhadi a zaka zonse zimene kunalibe ine. Inali nthawi ya mvula. Lole imene ndinakwera inatitimira kawiri, tinaikankha, suti ya bwana n'kukhala matope okhaokha. Kuchoka pa Boma ndinayenda wapansi, sutikesi pamutu. Ulendo wonsewo, masiku awiri athunthu.

Esinala ndinamupeza akuchokera kumunda, khasu paphewa, khanda kumsana. Khandalo silinali langa, ndipo nyumba imene ndinamanga ine inali ndi chitseko china. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mwafika, a Maolatatu?"

Kameneko kanali koyamba kulimva dzinali.

Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa pichesi, panja, ngati mlendo wodzagula nkhumba. A Bizaliele anabwera, imvi zitayamba, n'kukhala pampando. Anafotokoza mosakweza mawu. Linesi anadwala malungo masiku awiri, anayamba kukomoka, n'kumwalira ali pamachira, chipatala asanachione. Iwo anapalasa njinga kupita pa Boma kukatumiza telegalamu. Akuluakulu anati maliro aikidwe mawa lake, poti kunali kotentha, mvula isanagwe. Atamva zimenezo, Esinala analowa m'nyumba n'kutulutsa kalata yanga ija.

"Ndinaiwerenga ine, pamaso pa anamfedwa ndi adzukulu," anatero a Bizaliele. "Tinawerengetsa. Tinati ngakhale kwathu kuno kutalike kanayi kuposa kumene mwalembako, mawa munthuyu afika. Bambo ake aponye dothi. Tinatuma munthu ndi njinga kuti akakudikireni pa Boma. Adzukulu anakumba, n'kukhala pamphepete pa dzenje. Tsiku loyamba. Lachiwiri. Kukamveka kulira kulikonse kumwamba, mlongo wangayu ankatuluka kukayang'ana. Tsiku lachitatu amayi onse anathawa m'nyumba, nsalu zili pamphuno. Tinafukiza masamba a bulugama, osathandiza. Anatsalamo yekha uyu, akuingitsa ntchentche. Bokosi limene tinakhoma tsiku loyamba linachepa, alamu. Tinakhoma lina."

Anandiyang'ana n'kuwonjezera kuti:

"Ndiye pa Khirisimasi kunabwera nsapato."

Ndinatulutsa telegalamu ija m'thumba. Ndinawaonetsa chidindo, ndinawaonetsa nthawi za mankhwala kuseri. Ndinanena zonse zimene sindinalembe m'kalata muja, za chikwama, za kachipinda kapansi pa masitepe, za matako a bwana. A Bizaliele anawerenga n'kugwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti akhulupirira. Ndinatembenukira kwa Esinala.

"Amake Linesi, mwamva? Sindinadziwe. Anandibisira."

Anasuntha khanda lija n'kuliika kubere.

"Dona wanuyo ine sindimudziwa, ndipo sanandilonjezepo kanthu. Amene anati mudzangoona ndatulukira ndinu. Mukanalemba zoona, kuti kumeneko ndinu kapolo, ife tikanalira n'kumuika mwana tsiku lomwelo, nkhope yake ili bwinobwino. Ine mwana wanga ndikamukumbuka sindiona mano ake aja. Ndimaona za tsiku lachitatu. Munandilanda ndinu zimenezo, pofuna kuti achimwene akuopeni."

Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti andiperekeze kumanda ndikaone pamene anagona. Kwathu kuno mkamwini salowa yekha kumanda a eni mudzi. Ukapezeka kumeneko wopanda wokuperekeza ndiwe mfiti, ndipo ngakhale utalowa, mitumbira ya ana ilibe maina, uloza uti? A Bizaliele anayang'ana mlongo wawo. Nkhaniyo anaisiya m'manja mwake.

"Mukhale pomwepo," anatero Esinala. "Mudikire. Tidzabwera kudzakutengani."

Ndinakhala pansi pa pichesi paja. Mvula ikabwera ndinkabisala pakhonde la khola. Chakudya ankanditumizira, sanandimane. Chitseko chikalira ndinkaimirira n'kukonza jekete. Tsiku loyamba linadutsa. Lachiwiri anthu ankadutsa dala kudzandiona, ena n'kumalozerana kumwamba, akuseka. Lachitatu ndinali nditazindikira kale chimene chikuchitika, koma ndinakhalabe, poganiza kuti masiku akakwana atatu ngongole ya kudikira yatha, andiperekeza.

Mmawa wa tsiku lachinayi ndinapeza tinsapato tija pamwamba pa sutikesi yanga, tofiira psuu, lamba wake asanamasulidwepo. Pakhomo panalibe munthu. Onse anali atapita kumunda.

Ndinanyamula katundu wanga n'kutsetsereka kwa mlongo wanga, m'mudzi uno wa pakati pa Dambe ndi Boma, ndipo ndi pomwe ndakalambira. A Bizaliele anamwalira. Esinala alipo, ali ndi zidzukulu. Kawiri ndinatumako anthu a mpingo kukandipepesera, ndipo kawiri konse anawayankha mwaulemu kuti andiuze ndidikire. Nsapato zili m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi pasipoti.

Chaka china, mawondo asanakane, ndinavala wotchi ija n'kuyenda wapansi kuchoka pakhomo pano mpaka pamene njira imapatukira kumanda a kwawo kwa Esinala. Ndinaima pamphambano, mitengo ya kumandako ndikuiona. Ndinayang'ana wotchi. Maola atatu anali asanakwane. Ndinaimapo pang'ono, kenako ndinabwerera.